Sikelo ya dijito yoyezera nsomba: musanapereke ndalama, iyeseni kaye chonchi

Anzanga owedza ndi mbedza kuno ku chigwa, kuyambira pa mlatho wa Kamuzu pa Chikwawa kutsika mpaka ku Bangula, Chiromo ndi ku Nsanje boma uko, nkhani ya sikeloyi ndaona kuti ndingoilemba kamodzi coz anthu akundifunsa pafupipafupi akaona kasikelo kanga kakulendewera pa lamba. Ine sindine msodzi wa maukonde, ndimawedza ndi mbedza basi Loweruka ndi masiku a holide, pena ndi atsibweni anga omwe anakulira m'mbali mwa dambo la Elephant Marsh ndipo madzi amawadziwa ngati khonde la nyumba yawo. Masikelo a mabatirewa ndagulapo atatu. Awiri anafa, wachitatuyu ndi amene wakhalitsa, ndiye zomwe ndikulembazi ndazilipirira ndi ndalama zanga.

Chomwe chinandipangitsa kugula sikelo poyamba ndi mlamba wina omwe tinagwira m'bandakucha kufupi ndi pomwe Ruo amathira mu Shire. Unali waukulu ndithu, mutu wake ngati khasu, ndipo tikufika pa doko mayi wina wogula nsomba anangounyamula ndi manja awiri, kuugwedeza kawiri, nkutchula mtengo. Atsibweni anati wachepa, mayi uja anati nsombayo ndi mutu wokhawokha, ine ndinalibe choyankha chifukwa palibe amene ankadziwa kuti ndi makilo angati. Tinaugulitsa, koma njira yonse yobwerera mtima unali kuwawa. Sikuti mayi uja anatibera ai, mwinanso mtengo wake unali wolondola, koma kusadziwako ndi komwe kunandisowetsa mtendere.

Tsono poyamba penipeni, musanapite nkomwe ku shopu kapena kuitanitsa kwa munthu wa ku Limbe, khalani pansi muganize nsomba zomwe mumagwiradi, osati zomwe mumalota. Ambirife tsiku ndi tsiku timavuula mphende, makakana, nkhonokono ndi milamba ya kilo imodzi, awiri, atatu. Mcheni, uja wamano ngati misomali amene azungu amati tigerfish, ukapezeka wa makilo anayi kapena asanu ndiye kuti tsiku limenelo mudzi wonse umva. Milamba ikuluikulu ilipo, yoposa makilo 10 imapezeka m'malo akuya, koma si ya sabata iliyonse. Ndiye funso ndi lakuti, sikelo yofika makilo angati ikukwanirani? Masikelo olendewera omwe ali mbwee m'misika amalembedwa 25kg, 40kg kapena 50kg, ndipo munthu mwachibadwa maso amathamangira pa 50 poganiza kuti nambala yaikulu ndiye sikelo yabwino. Apa ndi pomwe ambiri timapusira. Pali nambala ina yaing'ono yomwe imalembedwa pambali pake, mwachitsanzo 50kg/10g kapena d=10g, imeneyo ikutanthauza kuti sikeloyo imadumpha magalamu 10 nthawi iliyonse ikamawerenga. Ina imadumpha 5g, ina 20g, ina mpaka 50g. Kwa mlamba wa makilo 8 kudumpha kwa 50g si nkhani, koma kwa mphende ya magalamu 300 ndi gawo lalikulu ndithu la nsombayo. Ine ndimati kwa owedza a kuno, 25kg mpaka 40kg yodumpha 10g yakwana. Ya 50kg itengeni ngati mukufuna izigwiranso ntchito kunyumba yoyeza chimanga, nandolo kapena thonje, koma dziwani kuti thumba la makilo 50 lodzadza likuifikitsa kumapeto kwenikweni kwa mphamvu zake, ndipo sikelo yogwira ntchito kumapeto nthawi zonse sichedwa kutopa.

Chifukwa chake ndi ichi. M'kati mwa kasikeloka mulibe sipuling'i ngati ija ya muvi, ena amati ya wotchi. Muli kachitsulo kakang'ono kotchedwa load cell, ndipo pa kachitsuloko anamatapo tinsambo topyapyala kwambiri. Mukakoloweka katundu kachitsulo kaja kamapindika pang'ono zedi moti ndi maso simungaone, tinsambo tija timakokeka, magetsi odutsamo amasintha, ndiye kakompyuta kam'katimo kamasandutsa kusinthako kukhala manambala pa sikirini. Mukachotsa katundu kachitsulo kayenera kubwerera mwakale. Mukakalemetsa mopitirira, kapena mukagwetsera katundu pa ngowe mwadzidzidzi kuti gwa, kamapindika osabwereranso, ndipo kuyambira tsiku limenelo sikelo iziyaka bwinobwino, manambala azioneka, koma izinama. Mukamvetsa zimenezi, zina zonse zomwe ndinene m'munsimu muona kuti zikuchokera pomwepo.

Kenako ganizirani komwe tikukhala. Kuno si ku Dedza kapena ku Mzuzu. Okotobala ndi Novembala ku Ngabu, ku Nchalo, ku Nsanje kutentha kumadutsa madigiri 40, pomwe timapepala ta masikelo ambiri otchipa timalemba kuti agwiritsidwe ntchito pakati pa 0 ndi 40. Ndekuti ife miyezi ina tikugwira ntchito pamalire penipeni. Sikirini ya LCD ikakhala padzuwa imada bii, manambala osaoneka mpaka izizire. Kuwonjezera apo pali chinyezi cha m'dambo, matope, mamina a mlamba, ndi madzi omwe amakhala pansi m'bwato nthawi zonse. Sikelo yanga yoyamba inali ija yopyapyala ya anthu oyezera zikwama pa ndege, yokongola, yasiliva, ndinaigula kwa venda wina m'tauni. Sinagwere m'madzi olo tsiku limodzi. Inangokhala m'thumba la buluku lonyowa maulendo atatu anayi, kenako m'mawa wina ndikuyatsa ndikuona nthunzi m'kati mwa galasi, manambala akuthamanga okha popanda chokolowekapo. Nditatsegula kumbuyo, tizitsulo togwira mabatire tonse tinali tobiriwira. Milungu itatu basi.

Ndiye mukaigwira m'manja ku shopu, itembenuzeni muyambe kuona kumbuyo osati kutsogolo. Tsegulani pa mabatire. Chivundikiro chongotsetsereka chopanda kalabala m'mbali mwake chimalowetsa madzi ndi nthunzi. Chabwino ndi chomwe chili ndi kamphira kozungulira ndipo chimatsekedwa ndi sikuluu. Onaninso mabatani, ngati ali ophimbidwa ndi labala imodzi yosaduka kapena ndi timabatani tolimba tokhala ndi mipata m'mbali. Onani pomwe ngowe ikutulukira m'thupi la sikelo, bowo limenelo likakhala lalikulu lopanda chotchinga ndiye msewu wa madzi wolunjika ku load cell. Pa bokosi pakalembedwa mawu oti waterproof okha osakhulupirira msanga, funani nambala ya IP, yomwe imasonyeza mmene sikeloyo imapiririra madzi. IPX4 ndekuti imapirira madzi ongowazikira, ngati mvula kapena nkhafi ikakuthirani. IPX7 kapena IP67 ndekuti inayesedwa kumizidwa mpaka mita imodzi kwa mphindi 30. Zamakampani opanga zowedzera ngati Rapala ndi Berkley zimapangidwira pamadzi ndithu koma kuno kuzipeza nkovuta, pokhapokha muli ndi m'bale ku Johannesburg woti akubweretsereni, ndipo olo zimenezo werengani bokosi, si zonse zomwe zimamizidwa. Ambirife tigula za ku China zomwe zili m'mashopu a hadiweya, ndipo palibe cholakwika, bola muisankhe bwino ndi kuisunga mouma monga ndinene kutsogoloku.

Mabatire ndi nkhani ina yomwe anthu saiganizira mpaka atafika kumadzi. Masikelowa ena amadya AAA awiri, ena kabatire kobulungira ngati kobiri kotchedwa CR2032, ena otchaja ndi USB. Ine ndili kumbali ya AAA mosabisa. Mabatire amenewa muwapeza pa golosale ya pa Thabwa, pa Nchalo, pa Bangula, pafupifupi paliponse pomwe akugulitsa matochi ndi marimoti. CR2032 mpaka mukasake kwa okonza mawotchi kapena mafoni, ndipo kabatireko ndi kochepa mphamvu, kagetsi ka sikirini kamakamaliza msanga. Za USB zili bwino ngati muli ndi sola kunyumba, koma kabowo kotchajira kaja ndi khomo linanso la madzi, komanso batire lam'kati likafa sikelo yonse yafa. Tonse tikukumbuka nthawi ya namondwe Ana mu Januwale 2022 pomwe Kapichira anawonongeka magetsi nkumavuta miyezi yambirimbiri, chida chodalira kutchaja pa soketi chimakusiya pa nthawi ngati imeneyo.

Ngowe ndi chogwirira musazinyoze. Ngowe ikhale yokhuthala, ya chitsulo chosachita dzimbiri, yotseguka mokwanira kuti zingwe za thumba zilowe zonse. Chogwirira ndiye chofunika kwambiri, lowetsani dzanja muone ngati zala zinayi zikukwana. Pali masikelo ena ali ndi kalamba kopyapyala kapena kamphete kolowa chala chimodzi, yesani kunyamula makilo 10 ndi chala chimodzi dzanja lili lonyowa ndi mamina a mlamba muone ngati simunjenjemera, ndipo dzanja likanjenjemera manambala nawonso amavina. Mphete yaikulu ili ndi ubwino wina, mutha kulowetsamo mtengo awiri nkunyamula pamapewa kapena kuikoloweka pa nthambi.

Tsopano tafika pa gawo lomwe ndimalikonda, lomwe wogulitsa ambiri sasangalala nalo koma ndi ufulu wanu. Musagule sikelo yomwe simunaiyese. Pitani ndi zoyesera zanu m'jumbo, mapaketi a shuga osatsegula a kilo imodzi imodzi, atatu kapena asanu ngati mungathe, shuga yemweyu wa Illovo wopangidwa pa Nchalo pompa. Ngati shuga wavuta, madzi amathandiza chifukwa lita imodzi ya madzi imalemera kilo imodzi, koma muwayeze ndi jagi yolembedwa malita, musangodzadza chigubu cha malita 5 mpaka kukamwa nkumati ndi makilo 5, zigubu zimalowa oposa omwe analemba. Mafuta ophikira musayesere, lita ya mafuta ndi yopepuka, imakhala cha m'ma magalamu 920.

Yatsani sikelo ili yolendewera chilili, ngowe ilibe kanthu, mudikire iwonetse 0.00. Kolowekani jumbo yopanda kanthu, dinani batani la TARE kuti ibwerere pa ziro, ikani paketi imodzi. Iyenera kuwonetsa pafupi kwambiri ndi 1.00, kusiyana kwa magalamu 10 kapena 20 musadandaule coz pepala la paketi nalo lili ndi kulemera kwake. Chotsani, muone ngati yabwerera pa ziro. Ikaninso. Chitani zimenezi kasanu, osatopa, olo wogulitsa akuyang'aneni ndi diso lofiira. Chomwe mukufuna apa si nambala yokongola kamodzi ai, mukufuna sikelo yonena chimodzimodzi nthawi zonse. Yomwe ikuti 1.02 kasanu konse ndi yabwino kuposa yomwe ikuti 1.00, kenako 0.94, kenako 1.07, chifukwa yoyambayo kulakwa kwake mukukudziwa ndipo mutha kumachotsera, yachiwiriyo simudziwa kuti lero yanama mbali iti. Mukatero onjezerani mapaketi, awiri iwonetse 2, atatu 3, asanu 5. Masikelo ena amalondola pa kilo imodzi koma katundu akamakula amayamba kusochera, pa makilo 5 nkumati 4.7. Pomaliza siyani mapaketi onse alendewere kwa mphindi yathunthu mukuyang'ana, ngati siinadzitseke pa nambala imodzi koma manambala akukwera kapena kutsika okha pang'onopang'ono katundu ali chete, ibwezeni mutenge ina. Ndipo muyese yomweyo yomwe mupite nayo kunyumba, osati ya pa shelefu kenako nkukupatsani ina ya m'bokosi yosatsegula. Masikelo awiri a mtundu umodzi, bokosi limodzi, amatha kusiyana.

Muli pomwepo dinani batani la UNIT muone zomwe likuchita. Masikelo ambiriwa amasintha pakati pa kg, lb, oz, ndipo a ku China ena ali ndi jin. Paundi imodzi, yomwe imalembedwa lb, ndi magalamu 454, jin imodzi ndi magalamu 500. Mnzanga wina wa ku Makhanga anandiimbira foni usiku mawu ali m'mwamba kuti wagwira mlamba wa makilo 11, nditapita m'mawa kukaona chithunzi pa foni yake pakona pa sikirini panali tizilembo tiwiri, lb. Nsombayo inali ya makilo 5. Iyeyo sananame, chala chinangogunda batani m'thumba. Vuto ndi lakuti zomwezi zikachitika pogulitsa, wina aluza ndalama ndipo chibale chimatha. Ndiye sankhani sikelo yomwe zilembo za kg zikuoneka bwino, komanso yomwe mukaizimitsa nkuiyatsanso imabwerera pa kg pomwe munaisiya.

Chinanso choyesa ndi kutseka nambala, pena amalemba HOLD pena LOCK. Nsomba yamoyo siikhala chete ngati shuga. Sikelo zambiri zikaona kuti katundu wadekha masekondi awiri atatu zimatseka nambala yokha kuti muwerenge mutatsitsa. Nzabwino, koma zina zimatseka msanga kwambiri, nsomba ikangophiriphitha pa nthawi yolakwika imatseka nambala yabodza. Yesani pogwedeza jumbo ya shuga ija pang'ono ngati nsomba, muone ngati ikudikira kuti zidekhe kapena ikungotseka chilichonse. Ngati kutsekako kumatheka kukuzimitsa ndi batani, ndi bwino kwambiri. Onaninso kuti imadzizimitsa yokha pakapita nthawi yaitali bwanji, coz ina mukangochita TARE thumba, nkutembenuka kuti muchotse mbedza kukamwa kwa nsomba, pobwerera mupeza yazima ndipo muyambirenso. Ndipo kagetsi ka sikirini kakhalepo, mlamba umadya kwambiri usiku ndi m'bandakucha, simungagwire tochi, sikelo ndi thumba ndi manja awiri.

Mwagula. Tsopano kayezedwe kake kumadzi, chifukwa sikelo yabwino m'manja mwa munthu wothamanga imanamabe.

Choyamba chokani m'mphepete mwa madzi. Izi sindikunena mwamwambo chabe, Shire wa kuno ali ndi ng'ona zambiri ndipo tonse tikudziwa mabanja omwe analira. Nsomba ikuphiriphitha, magazi akudontha, inu mwawerama mwapatsa madzi msana maso ali pa sikirini, palibe nthawi ina yomwe munthu amaiwala za madzi ngati imeneyo. Atsibweni salola kuti tiyezere pafupi ndi bango kapena pomwe namasupuni wadzadza, amati tiyeni kumtunda, ndipo timapitadi mayadi angapo pamalo poyera pomwe tikuona mbali zonse. M'bwato musayezeremo ngati mungathe kudikira. Bwato limayendayenda ndi madzi ndiye nambala siikhazikika, komanso kuimirira m'bwato la mtengo mutanyamula makilo 6 ndi dzanja limodzi ndi njira yachidule yogudubukira m'madzi.

Nsomba musaikoloweke pa ngowe ya sikelo mwachindunji. Ndikudziwa pa zithunzi za pa Facebook anthu amalowetsa ngowe m'makha, koma nsomba yolemera ikadzigwedeza imang'ambika nkugwa, kugwedezako kumamenyanso load cell ija, ndipo ngati ndi mcheni zala zanu zili pafupi ndi mano oti amadula chingwe ngati lumo. Gwiritsani thumba. Ine ndimagwiritsa saka la ufa lomwe ndinalidula pakati, nkusokerera zingwe ziwiri zolimba m'mbali, ndi kuboola timabowo pansi kuti madzi azituluka. Ndondomeko yake ndi iyi ndipo musaisinthe: nyowetsani saka kaye, likutumuleni madzi adonthe, likolowekeni, dinani TARE, kenako ikani nsomba. Mukachita TARE saka lili louma kenako nkuikamo nsomba yonyowa, madzi omwe saka lamwa muwawerenga ngati nsomba. Nsomba yachiwiri ikabwera chitaninso TARE, coz saka lija lasintha, mwina lauma ndi dzuwa kapena lawonjezera matope ndi mamina.

Nkhonokono zokha musaike m'saka. Minga yake itatu ija ikaimika imakhoma osapindika, imakola ulusi wa saka ndipo poichotsa mudzibaya, bala lake limawawa tsiku lonse. Zimenezo ndi za m'ndowa, kolowekani ndowa, TARE, thiranimo. Mlamba nawo uli ndi minga m'mbali kuseri kwa mutu, ugwireni mosamala kapena muukulunge ndi saka lomwelo poulowetsa. Tinsomba tating'ono ngati makakana kuyeza imodzi imodzi nkutaya nthawi, yezani mulu wonse m'ndowa mutakhetsa madzi.

Ponyamula gwirani chogwirira chokha, osati thupi la sikelo, ndipo ilendewere chilili. Mukaigwira m'mbali nkuipendeka ngowe imakhuza m'mphepete mwa bowo lake ndipo nambala imatsika. Kwezani pang'onopang'ono osati modzidzimutsa. Thumba lisakhudze bondo, udzu kapena pansi, olo kamchira kokha kakagunda pansi mwataya magalamu ambiri. Mphepo ikamawomba, makamaka mwera uja wa miyezi yozizira, ipatseni msana kuti thupi lanu litchinge thumba. Nsomba ikapitirira makilo 7 kapena 8 dzanja limodzi silikhazikika, kolowekani sikelo pa nthambi kapena lowetsani nkhafi m'mphete awiri munyamule. Dikirani nsomba idekhe, werengani, tsitsani, kwezaninso kachiwiri. Manambala awiriwo akagwirizana ndi yomweyo. Akasiyana kwambiri yezani kachitatu mutenge awiri oyandikana.

Yezani msanga mukangoivuula. Nsomba ikakhala padzuwa la kuno maola angapo imauma ndi kutaya madzi, ya m'mawa siilemera chimodzimodzi masana, ndiye musakangane ndi wogula pa msika kuti sikelo yake ikuba pomwe nsombayo yapepukadi m'njira. Ndipo ngati ndi yobwezera m'madzi, kuyeza konse kusapitirire mphindi imodzi kapena ziwiri. Apa ndikupempha ndithu, mphende yaikazi imasunga mazira ndi tiana m'kamwa, mukaivuula nkuona kukamwa kwatupa kapena ikulavula tiana, imeneyo musaiyeze nkomwe, ibwezeni pompo. Dambo lathuli la Elephant Marsh mu 2017 linalowa m'gulu lotchedwa Ramsar, la madambo ofunika pa dziko lonse lapansi, koma pepala silibereka nsomba, zimabereka ndi zomwe ife tazisiya.

Sikirini ikalemba Lo ndekuti mabatire atha, sinthani onse awiri nthawi imodzi. Musadikire mpaka ilembe, mabatire akafooka manambala amayamba kuyendayenda ndipo mutha kuganiza kuti sikelo yafa pomwe ikungofuna chakudya. Ikalemba Err kapena zilembo zina zachilendo mutakoloweka katundu wolemera, tsitsani msanga, mwaipitiriza mphamvu.

Kasungidwe ndi komwe kwapulumutsa sikelo yanga yachitatuyi, coz yachiwiri inafa ndi mabatire otchipa omwe anatuluka madzi m'kati nditaiiwala m'dirowa nyengo yonse ya madzi osefukira. Pano ndimatere. Kumadzi imakhala m'kabotolo kapulasitiki ka kukamwa kwakukulu kotseka ndi chivundikiro chopota, m'katimo ndinaikamo timapaketi tija toyamwa chinyezi topezeka m'mabokosi a nsapato zatsopano. Imatuluka pa nthawi yoyeza yokha. Pa chogwirira ndinamangapo chingwe, mbali inayo ndinamangirira botolo lopanda kanthu la theka la lita lotseka bwino, kuti ikapulumuka m'manja iyandame. Padzuwa siikhala, osaisiya pa mpando wa njinga yamoto kapena pa dashibodi ya galimoto, ikhale pansi pa chikwama pamthunzi. Ndikafika kunyumba ndimaipukuta ndi kansalu konyowa pang'ono kuchotsa mamina, kenako kouma, ngowe ndimaipaka kadontho ka mafuta, mabatire ndimachotsa ngati sindipita kumadzi sabata yotsatira. Ikagwera m'madzi musaiyatse kuti muone ngati ikugwira, kuyatsako ndi komwe kumaiwotcha. Chotsani mabatire nthawi yomweyo, siyani chivundikiro chotsegula, iumitseni pamthunzi podutsa mphepo masiku atatu kapena anayi, kenako ndiye muyese ndi paketi ya shuga. Kuyesa kwa shugako ndimakuchita kamodzi pa mwezi olo isanagwe, ndi nthawi iliyonse ikagwa pansi kapena ikabwerekedwa. Za kubwereketsa ndiye samalani, anthu akadziwa kuti muli ndi sikelo abwera kuti ayezere mbuzi kapena matumba a chimanga, funsani kaye kuti akukayeza chiyani.

Pa za malonda ndinene mosapsatira. Kasikelo kowedzeraka ndi kothandiza inuyo kudziwa chomwe mwanyamula musanayambe kukambirana mtengo, koma ngati mukufuna kukhala pa msika nkumagulitsa nsomba pa kilo tsiku ndi tsiku, sikelo ya malonda imayenera kuyesedwa ndi kudindidwa ndi a Malawi Bureau of Standards, ndipo masikelo ambiri otchipawa pa bokosi kapena pa kapepala kake analemba okha kuti si a malonda. Kuno nsomba zambiri zimagulitsidwabe pa mulu, pa beseni kapena poyang'ana ndi maso, ndiye musafike pa doko nkuyamba kukakamiza amayi ogula kuti atsatire nambala yanu. Ine ndimayeza kumtunda ndisanafike, nambala ndimaisunga mumtima, ndiye mayi akatchula mtengo ndimadziwa ngati ndivomere kapena ndinene kuti onjezerani pang'ono mayi.

Kanthu kena komwe sindinkayembekezera ndi kope. Ndinayamba kulemba tsiku, malo, nyambo ndi makilo m'kakope ka ana asukulu, poyamba pongofuna kukumbuka. Pano masamba achuluka ndipo akundiuza zinthu, kuti malo akutiakuti milamba yake imalemera madzi akayamba kutsika, kuti nyongolotsi zikundipatsa zambiri koma zazing'ono pomwe kansomba kodula kakundipatsa zochepa zolemera, komanso mmene malo ena anasinthira mchenga utakwirira pambuyo pa namondwe Freddy mu Malichi 2023. Atsibweni poyamba ankati dzanja lawo ndi sikelo yokwana, ndipo kunena zoona akanyamula mlamba nkutchula kulemera saphonya kwambiri. Koma masiku ano tikavuula yaikulu ndi iwowo amene amayamba kunyowetsa saka, nkundiuza kuti mphwanga tatulutsa kabotolo kaja, ndipo kopelo amasunga ndi iwo m'jumbo pamodzi ndi mbedza zawo.